Mmene Ndinasesera Mpopi Wathu Mpaka ku Namitambo

Nkhani iyi ndakhala ndikuikana pa bawo, pa maliro, ngakhale pabwalo la tchalitchi. Wina akaiyamba ndimati zinachitikira tcheyamani wina, osati ine. Koma ku Namadzi kuno palibe angandikhulupirire, ndiye bola ndiinene ndekha, chifukwa anzanga akamainena amathiramo tsabola wosafunika. Konzekani kundiseka. Manyazi ake ndi oti mpaka lero ndikakumana ndi mzimayi atasenza chidebe, ndimayamba ndine kupatuka.

Zinachitika matipate atangobwera kumene, nthawi imene chilichonse chinkafuna komiti. Sukulu komiti, msika komiti, ngakhale kamlatho ka mitengo kanali ndi tcheyamani ndi wachiwiri wake.

Ine ndinali nditangodulidwa ntchito ku Limbe, kumene ndinakalambira pa ukalaliki wa kampani ina. Nyumba ya kampaniyo inali ndi mipopi m'kati momwe, wina kukhitchini, wina kubafa. Kwa ine madzi chinali chinthu chotuluka m'khoma. Ntchito itatha tinakweza katundu pa lole n'kubwera kwawo kwa akazi anga, mayi a Lute, kuseri kwa msika wa Namadzi. Ndinasanduka mkamwini weniweni, wa masuti awiri ndi khasu lobwereka.

Dera lathu lonse, kuyambira kumsika mpaka kuseri kwa chigayo, linkadalira mpopi umodzi. Madzi ankabwera modumphitsa masiku, masana okhaokha, ndipo akabwera sankachedwa kutsanzika. Zimenezi ndinkangozimva pakamwa pa akazi anga. Ineyo kumpopiko sindinkapondako. Kwathu kuno mwamuna akaima pa mpopi amamufunsa ngati kunyumba kuli matenda. Ndinkangopeza madzi m'beseni, n'kumadandaula kuti achepa.

Amene analimbana ndi nkhani ya madziyi anali apongozi anga, mayi wamfupi, wosaseka chisawawa, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi. Iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha: mpopi wachiwiri. Anakwera matola kupita kuboma kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ankabwerako ndi mawu amodzimodzi akuti, "Tamva, amayi." Mapeto ake anaganiza kuti chimene chikusowa ndi Chingerezi.

Ine ndi apongozi sitinkalankhulana maso ndi maso, monga mwa mwambo. Tikakumana panjira, wina ankapatukira m'chimanga cha eni ake. Mawu onse ankadzera mwa akazi anga.

"Amayi akuti muimire utcheyamani wa komiti ya madzi," anatero mayi a Lute tsiku lina.

"Ine?"

"Akuti muli ndi tayi. Mabwana amamvera munthu wa tayi."

Mtima wanga unavina. Munthu wodulidwa ntchito akamva mawu akuti tcheyamani, safunsa kuti wa chiyani. Ndinasankhidwa popanda wopikisana naye, chifukwa ndani akanatsutsana ndi apongozi anga? Misonkhano ndinkaichititsa pakhonde la gulosale, kutali ndi matope.

Posakhalitsa anatiitana matcheyamani tonse ku semina kuboma. Tinamwa fanta, tinadya mabanzi, anatipatsa matisheti. Wophunzitsa anatulutsa zithunzi ziwiri. Pa china panali mpopi woyera bwino, pansi posesa, mwana akuseka. Pa chinacho panali mpopi wa zinyalala, ntchentche zazikulu ngati nkhunda, mwana atagwira pamimba.

"Tcheyamani amadziwika ndi ukhondo wa pa mpopi pake!" anakuwa wophunzitsayo.

Potseka anatiuza kuti kubwera alendo a bungwe lina lothandiza za madzi, ayendera mipopi ya m'matauni aang'ono a boma lathu. Mapaipi amene ali nawo ndi okwana mpopi umodzi wokha, ndipo adzaupereka kumene adzaone kuti n'koyenera.

Ine ndinamva zanga. Ku kampani, bonasi inkapita kwa kalaliki wa tebulo loyera, wosabweretsa madandaulo. Ndinati basi, uwu ndi mpikisano wa ukhondo, ndipo mpopi wachiwiriwo ndi mphotho yake. Ndinayang'ana matcheyamani anzanga mmodzimmodzi. Wa ku Namitambo anali atagona, banzi lili m'manja. Ndinawamvera chisoni onse.

Madzulo oti mawa alendo abwera, mayi a Lute anandipeza ndikupukuta nsapato.

"Amayi akuti mawa musatichititse manyazi. Alendo akuti afika masana, nthawi ya madzi, ndiye ife tikonzeka ndi nyimbo. Mzere wafika kale kuchigayo. Akadzauona okha adzamva chisoni."

"Auzeni amayi agone tulo," ndinatero, osamvetsera n'komwe. M'mutu ndinali ndikusita Chingerezi.

M'mawa mwake ndinavala suti ya buluu, tayi, nsapato zonyezimira. Ndinatenga tsache n'kupita kumpopi, koyamba chibadwire utcheyamani wanga.

Panalibe munthu ngakhale mmodzi. Ndinaseka ndekha. Mzere wofika kuchigayo uja ndi umenewu? Azimayi kukokomeza!

Koma zimene ndinaona pansi zinandiimitsa mtima. Zinyalala! Pafupi penipeni ndi mpopi panali mtsuko wong'aluka. Kumbuyo kwake chitini cha dzimbiri, kenako silipasi imodzi yoduka lamba, mwala womangidwa kansalu kofiira, chitsononkho chozika pansi, chigubu chobooka, theka la njerwa, chogwirira cha ambulera, mpaka chibade cha wailesi. Zinatsatana chonchi, kukhota pa mtengo wa bulugama, kutsika kanjira, mpaka pakhomo la chigayo. Ndinakumbukira chithunzi cha ntchentche chija. Ndinati anthu akuno ngakhale uve amauchita mwadongosolo.

Ndinathamangira kwa a Dinesi, oyendetsa chigayo, kukabwereka wilibala. Anandipatsa, n'kuima pakhomo kumandionerera ndikutola.

"A tcheyamani, zimenezo mukupita nazo kuti?"

"Kudzenje la njerwa."

"Kudzenje? Azimayi akudziwa?"

"Tcheyamani ndi azimayi kapena ine?"

"Ndinu."

"Ndiye?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Analowa m'chigayo n'kuliza injini. Pambuyo pake ndinamva kuti utcheyamaniwo ankaufuna ndi iwo.

Ndinagwira ntchito, anthu inu! Chiyambire sindinagwirepo ntchito ndi mtima wonse ngati tsiku limenelo. Wilibala kudzaza, kukakhuthula, kubweranso. Dzenjelo linali kuseri kwa chigayo, pamene anthu anaumbapo njerwa kalekale, ndipo pansi pake panali matope a madzi otsukira. Mtsuko wong'aluka uja ndinamalizira, ndipo pokhuthula unasweka phwaa! Ndinasesa bwalo lonse, mpaka kujambula timizere ta tsache ngati pakhomo pa mkwatibwi.

Ndikupukuta nkhope, ndinamva galimoto. Yoyera, yaitali, mlongoti wa wailesi ukugwedera pamwamba. Alendo! Dzuwa linali lisanafike n'komwe pamutu, azimayi onse ali kumadimba ndi kumsika. Ndinaponya tsache kuseri kwa bulugama n'kukonza tayi.

Munatuluka madamu wa magalasi, Mmalawi ngati ife tomwe, ndi bambo wa ku ofesi ya zamadzi, kamera ili pakhosi. Anati afulumira chifukwa adzera ku Namitambo m'mamawa ndipo akuthamangira ku Ndunde.

"Good morning, madam! Welcome to our water point!"

"Zikomo, bambo. Tiyeni tingolankhula Chinyanja, tonse ndife akonkuno."

Chingerezi chonse chimene ndinasita chinabwerera m'thumba chosavala.

"Tinamva kuti kuno anthu akuvutika kwambiri ndi madzi," anatero madamu.

Ndinati mumtima, msampha uwu, ndimaudziwa. Ku kampani bwana akafunsa ngati pali vuto, wovomera ndi amene ankayamba kuona geti.

"Kuvutika? Zimenezo ndi zakale, madamu! Chikhalireni ine pampando, everything is under control!"

"Madzi amakwanira?"

"Amakwanira mpaka kutsala. Ena timathirira maluwa."

Pakhomo pathu duwa limene linalipo ndi la maungu lokha.

Bambo wa kamera anapita pa mpopi n'kutsegula. Mpopi unangoti fwiiii, mpweya wokhawokha.

"Nanga bwanji sakutuluka?"

"Akupuma, bwana. Timawapatsa nthawi yopuma. Ndi pulogalamu ya komiti."

Anatseka. Kenako anayang'ana pansi, uku ndi uku, ngati munthu wotaya singano.

"Mzere wanu uli kuti?"

"Kuno kulibe mzere."

"Ngakhale mwala umodzi? Ku Namitambo tapeza miyala, zitini ndi masilipasi kuchokera pa mpopi mpaka kumsewu."

Ndinaseka mokweza, mpaka kuwomba m'manja.

"Ku Namitambo ndi auve, bwana! Tcheyamani wawo ndimamudziwa, ku semina ankangogona. Kuno simungapeze ngakhale chitsononkho!"

Anayang'anana awiriwo. Madamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mwatithandiza, bambo. Ntchito yathu mwaiphweketsa."

"Ndi udindo wathu, madamu."

Anandijambula nditaima pambali pa mpopi, dzanja lina pa mpopiwo, lina m'chiuno, mano onse pamtunda. Galimoto itanyamuka ndinakhala pa simenti, mwendo pamwamba pa unzake, kudikira kuti anthu anga abwere adzandinyamule m'mwamba.

Dzuwa litafika pamutu ndinamva nyimbo ikuchokera kumsika. Anali azimayi, gulu lalikulu, zitenje zochapa, zidebe m'manja, apongozi ali patsogolo. Nyimboyo anaipeka okha, yodandaula za ludzu, yoti alendo akaimva agwetse misozi. Ndinaimirira, n'kupatuka pang'ono kuti ndisayang'anane ndi apongozi.

Atafika pa bulugama nyimbo inaduka ngati wailesi yothera mabatire.

Onse anayang'ana pansi posesa paja.

"Mzere uli kuti?" anafunsa wina.

"Si umenewu mwabwera nawowu?" ndinatero mwansangala. "Folani bwinobwino, amayi, mmodzi kumbuyo kwa mnzake."

Palibe anandiyang'ana. Mayi Filesi, ogulitsa mandasi, amene mawu awo amamveka tsidya lina la msewu wa ku Zomba, anaponya chidebe pansi.

"Silipasi yanga! Inali kumbuyo kwa chitini cha a Nambewe! Ndinaiika ndekha dzana!"

"Mwala wanga wa kansalu kofiira!"

"Ambulera yanga!"

"Ndi a kuseri kwa msika amenewa! Amafuna atidumphe!"

"Iwe, usatitchule! Ife njerwa zathu zapitanso!"

Chipwirikiti chinabuka. Zala zinali m'maso, zitenje zikumangidwa m'chiuno. Ndinasendera kwa akazi anga n'kuwanong'oneza.

"Mayi a Lute, silipasi yoduka akuililiranji chonchi?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti mchere ndi chiyani.

"Bambo a Lute, mwakhala tcheyamani nthawi yonseyi osadziwa mzere? Munthu angaime pano masiku awiri kudikira madzi, ana adya chiyani? Chidebe sungachisiye, amisiri a zitini amachisandutsa mbaula. Ndiye aliyense amasiya kanthu kake kosabeka, kamuimirire. Madzi akabwera, mwini wake amaima pamene pali kanthu kakepo. Mtsuko wong'aluka ndi amayi, akhala akuusiya pano chiyambire mpopiwu. Mzere ndi umenewo. Alendo akafuna kudziwa mavuto a madzi amangoona kutalika kwake."

Ndinayang'ana timizere ta tsache tija, ndipo tinkaoneka ngati siginecha yanga.

"Mwatani?" anafunsa mayi a Lute. "Mwatuwa."

"Dzuwa," ndinatero.

Nthawi yomweyo mayi Filesi anatembenukira kwa ine.

"A tcheyamani! Inu mwafika pano m'mawa. Weruzani! Wachita zaufitizi ndani?"

Munthu wolimba mtima akanavomera pomwepo. Ine ndinakhosomola, n'kukweza dzanja.

"Amayi, nkhaniyi ndi yaikulu. Sitingaithamangire. Tipanga sabukomiti ifufuze."

"Tikam'peza timutani?"

"Tidzaona malamulo a komiti."

"Ine ndim'khazika m'mafuta a mandasi!"

Ndikuganiza zoti ndizembe ngati ndikukayang'ana malamulowo, injini ya chigayo inazima. Kenako kunamveka kwiii, kwiii, kwiii. A Dinesi anatulukira akukankha wilibala, nkhope yoyera ndi ufa, mwaulemu ngati mkulu wa mpingo wonyamula mbale ya chopereka. Anadutsa pakati pa azimayi n'kuima patsogolo panga.

"A tcheyamani, wilibala mwathana nayo? Ndaipeza kudzenje kuja. Koma mwaiwalamo aka. Ndikatayenso komweko?"

Anatulutsa khosi la mtsuko n'kulikweza m'mwamba kuti aliyense alione.

Ndinamva maso onse akutera pa ine. Ndinalakalaka dzenje la njerwa lija litabwera lokha kudzandimeza.

Apongozi anayenda pang'onopang'ono, n'kulandira khosi la mtsukolo. Analitembenuza. Anayankhula mawu angapo m'Chilomwe, chimene ine sindimva, koma azimayi achikulire anagwira pakamwa. Kenako anaima chondipatsa msana, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Felesiya, uwafunse abambo akunyumba kwako. Mtsuko wanga unawalakwira chiyani?"

Akazi anga anatembenuka. "Amayi akuti mtsuko wawo unakulakwirani chiyani?"

"Auzeni amayi kuti ndimakonza ukhondo."

"Akuti amakonza ukhondo."

"Uwauze atenge wilibala yawoyo abweze zonse, alendo asanafike."

Apa ndiye panali pamutu pa nkhani.

"Auzeni amayi kuti alendo abwera kale."

Mayi a Lute sanabwereze. Panalibe chifukwa, aliyense anamva, koma apongozi anadikirabe mpaka mwana wawo atanena ndi pakamwa pake.

"Uwafunse, anawauza chiyani alendowo?"

"Amayi akuti munawauza chiyani?"

"Ndinati... zinthu zili bwino."

"Kwezani mawu, bambo a Lute, ine sindikumva."

"Ndinati madzi amakwanira!"

"Basi?"

"Mpaka kutsala."

A Dinesi anawonjezera mothandiza: "Anatinso ena mumathirira maluwa. Ndinazimitsa injini kuti ndimve bwino."

Mayi wina anakhala pansi pa fumbi. Wina anayamba kuseka kuseka kosakoma, kwa pamaliro. Apongozi sanatembenuke. Ndinkangoona msana wawo, ndi kadzanja kakufinya khosi la mtsuko. Ulendo wonse wa kuboma uja, matola onse aja, ine ndinali nditazikhuthulira m'dzenje dzuwa lisanakwere. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo, ngakhale tsiku limene anandidula ntchito.

Ndiye ngati kuti zimenezi sizinakwane, mpopi unakhosomola. Kho! Kho! Madzi anafika.

Mtsikana wina anatsegula n'kutchera chidebe. Anzake anachikoka. Wina anatchera chake, anachikankha. Aliyense anali woyamba. Mayi Filesi anadumpha, anatseka mpopi, n'kuukumbatira ndi manja onse awiri.

"Pano satunga munthu mpaka mzere ubwerere mmene unalili! A tcheyamani, kudzenje!"

Ndinapita, anthu inu. Ndi suti ya buluu, ndi tayi, ndi nsapato zonyezimira. Ndinatsetsereka m'dzenje la njerwa, matope mpaka m'akakolo, azimayi atazungulira m'mphepete ngati akuonerera mpira. Ndikatola kanthu ndinkakakweza m'mwamba.

"Ichi n'cha ndani?"

"Changa! Kumbuyo kwa chigubu!"

"Bodza! Chigubu chinali kumbuyo kwa wailesi!"

"A tcheyamani, si mwala umenewo! Wanga ndi wosalala!"

M'dzenje la njerwa, theka lililonse la njerwa limafanana ndi linzake. Koma uzani zimenezo mzimayi wa ku Namadzi. Ndinatulutsa njerwa zambirimbiri, iliyonse akuikana, mpaka mayi wina anati, "Imeneyo! Simukuona kuti ndi yanga?" Mpaka lero sindikudziwa anaionera chiyani.

Ndinadzaza wilibala n'kubwerera kumpopi. Ndinayamba kuyala, nditawerama, thako m'mwamba. Khosi la mtsuko patsogolo, chitini, silipasi, mwala wa kansalu kofiira. Azimayi ankandilondolera ndi mapazi. Sendezani uku! Bwezani uko! Ndinadutsa bulugama, ndinayamba kutsika kanjira ka kuchigayo, tayi ikukwekwereza pansi.

Ndili choweramabe, chogwirira cha ambulera m'dzanja lina, chitsononkho m'dzanja linalo, ndinamva galimoto ikuima kumbuyo kwanga.

Ndinasuzumira pakati pa miyendo yanga. Yoyera, yaitali, ya mlongoti. Ankachokera ku Ndunde.

Madamu anatsika. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anayang'ana mzere, anayang'ana wilibala, anayang'ana ine.

"A tcheyamani, mukutani?"

"Ndi mzere, madamu."

"Mzere umene m'mawa kunalibe?"

"Unalipo, madamu. Ndinangousunga kaye."

"Kuti?"

"M'dzenje."

Bambo wa kamera anapita pa mpopi, mayi Filesi anam'patsa mpata mwaulemu, ndipo anatsegula. Madzi anatuluka mwamphamvu, phwaaa, mpaka kumunyowetsa buluku. Zidebe zonse zinali zouma, palibe anali atatunga.

"Madzi alipo, palibe akutunga," anatero. "Zoonadi amatsala."

Azimayi anayamba kulankhula onse nthawi imodzi. Apongozi anawakhalitsa chete ndi dzanja, anapita patsogolo pa madamu n'kugwada pa fumbi, mayi wa msinkhu umenewo.

"Mwana wanga, mzerewu ndi weniweni. Mtsuko uwu ndi wanga. Ife tikuvutika."

Madamu anawadzutsa mwaulemu.

"Amayi, ndikukumvani. Koma tcheyamani wanu yemwe watiuza m'mawa kuti madzi amatsala, ndipo chithunzi cha bwalo lopanda kanthu tili nacho. Wina wamutsina khutu kuti mpopi ukupita kumene kuli mzere wautali, ndiye wathamangira kudzala kukatola zinyalala. Ndaona ndi maso angawa."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Tayenda malo ambiri, bambo, ndipo chinyengo tachiona cha mitundumitundu. Koma tcheyamani woyala yekha miyala, masana dzuwa likuswa mtengo, atavala tayi, ndinu oyamba!"

Bambo wa kamera anandijambulanso. Ulendo uno sindinaseke.

Tsiku limenelo madzi anatha a pa bulugama asanatunge. Utcheyamani wanga unatha madzi asanathe. Komiti inakumana pomwepo pa mpopi, ndipo a Dinesi anapambana ndi manja onse, kuphatikizapo awiri a akazi anga. Kunyumba, beseni langa losambira linakhala louma nthawi yaitali ndithu, ndipo sindinafunse chifukwa.

Mvula yoyamba isanagwe tinamva kuti mapaipi atsitsidwa ku Namitambo.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ndinayamba kuyenda njira zodula, kupewa kumpopi, kupewa chigayo. Koma tsiku lina la madzi, masana, mzere uli wodzaza, akazi anga anandituma kukagula palafini, ndipo kunalibe njira ina. Ndikudutsa chozyolika, ndinamva belu la njinga.

"A tcheyamani! A tcheyamani a ku Namadzi!"

Anali tcheyamani wa ku Namitambo, yemwe uja wogona ndi banzi m'manja. Anatsika panjinga, thukuta lili kamukamu, nkhope yowala ndi chimwemwe. Pa keliyala anamangapo tambala wamkulu wofiira. Anam'masula, anagwada pang'ono, n'kundipatsa ndi manja awiri pamaso pa azimayi onse a ku Namadzi, apongozi ali patsogolo penipeni.

"Achimwene, komiti yathu yandituma. Alendo aja anatiuza kuti mpikisano unali wovuta, Namadzi ndi Namitambo tinali khosi ndi khosi, koma inu ndi amene munatilankhulira. Anthu ngati inu ndi osowa! Azimayi akwathu akuti mudzabwere mudzatunge nokha, simudzaima pa mzere!"

Tambalayo anandiyang'ana, n'kulira m'manja mwanga momwemo.

Usanagwire tsache pamudzi pa eni, yamba wafunsa, chifukwa zinyalala zina zili pa ntchito.